Chilembo Chachitatu cha a Siliveriyo

Loweruka lapitali anakavundukula chiliza pamanda pa a Siliveriyo Mbewe, patatha chaka chimwalirireni. Ine sindinapiteko. Ndine wa Sabata, ndipo eni akewo akanadabwa kundiona, pakuti zaka zonse zimene tinagwira ntchito moyandikana ku Old Town ankadziwa kuti Loweruka sandipeza. Ankakonda kunena kuti mwa anthu onse osochera amene anakumana nawo, ine ndekha ndinasochera mpaka tsiku lomwe. Ndamva kuti kumandako anthu anali ochepa, dzuwa linali lambiri, ndipo mwambo sunachedwe.

Aliyense amene anayendapo mu Old Town makina asanayambe kusindikiza zikwangwani anawerengapo dzanja la a Siliveriyo osadziwa. Mayina a masitolo, a mabutchala, a malo ometera, ngakhale mawu a kumbuyo kwa minibasi zina, ambiri anatuluka mu burashi yawo. Malo awo anali pakhonde la sitolo ya a Karimu, mmwenye wogulitsa penti, misomali ndi mapaipi, momwe ine ndinkagulitsa pa kauntala. Ukamalowa, kumanzere kwa chitseko kunali a Siliveriyo ndi zitini zawo, kumanja kunali a Chisale okonza mawotchi, ndi kabokosi kawo kagalasi. Kuseri kwa sitolo a Karimu anawapatsa a Siliveriyo kashedi ka malata, ndipo m'menemo ndi momwe ankagoba mayina a akufa pa miyala ya ziliza, ndi tchizulo ndi kahamala.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa akuluakulu, wovala ovololo yabuluu imene inali ndi mtundu uliwonse wa penti wogulitsidwa m'sitolo mwathu. Burashi yaing'ono ankaisongola ndi milomo, choncho ukafuna kudziwa mtundu umene akulembera tsikulo unkangowayang'ana pakamwa. Belu la masana likalira ku tchalitchi cha Akatolika, ankaima pomwe afika, ngakhale pakati pa chilembo, n'kuvula chipewa n'kuyamba kunong'ona mapemphero. Kasitomala wachangu ankangodikira basi. Ntchito yawo inali yochedwa koma yokhalitsa, ndipo chimene ankanyoza kwambiri mwa alembi anzawo chinali kupaka penti kamodzi kokha. Ankati ukafuna kufafaniza zolemba zakale uzipale kaye, upake penti wa pansi, udikire aume, kenako upake kawiri. Wopaka kamodzi ankamutcha wabodza, chifukwa dzuwa la Lilongwe limadzatulutsa zonse zimene wabisazo.

Sankasankha ntchito. Analembera Asilamu, Ahindu, eni mabala, asing'anga, ndi aneneri atsopano aja a m'matenti. Kasitomala akaumirira Chingerezi cholakwika, ankamulembera cholakwikacho mokongola. Panali mawu amodzi okha amene dzanja lawo linkakana. Akatolika, amene akuluakulu amawatcha Aroma, dzina la Ambuye amalitchula kuti Yezu. Achipulotesitanti, amene kuno ku Chigawo cha Pakati ambiri ankatchedwa Adachi, amati Yesu. Kusiyana kwake ndi chilembo chachitatu chokha, ndipo polankhula ambirife sitikumva n'komwe. Koma pamwala chimaoneka, ndipo a Siliveriyo sankagoba esi pamalo pamenepo.

Ndinaona amayi amasiye ambiri akubwerera ndi kapepala ka vesi m'manja.

"Amayi, pepani ndi zovutazi," ankatero mwaulemu ndithu. "Dzina la malemu ndilemba, masiku awo ndilemba, vesi yonseyi ndilemba. Koma apapa ndiika zedi."

"Ife kwathu timalemba ndi esi, bambo."

"Ndikudziwa. Pitani kuseri kwa depoti, kuli mnyamata amagoba bwino. Mukanene kuti ndakutumani ndine."

Mnyamatayo sankagoba bwino. A Karimu, amene ankaluza nawo kasitomala wa penti, anawauzapo kuti iwo m'chipembedzo chawo amati Isa, ndipo esi sinawapwetekepo. A Siliveriyo anayankha kuti a Karimu ndi alendo pa mkanganowu, angokhala phee azigulitsa misomali.

Mkanganowo unali ndi mwini wake, a Chisale. Iwo anali mkulu wa mpingo kwa Adachi, wamtali, wowonda, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuuluza tizitsulo ta mu wotchi. Tiyi wa m'mawa ankamwera limodzi, makapu awiri buledi mmodzi, ndipo ankakangana za zinthu zimene zinachitika ku Ulaya zaka mazana asanu zapitazo ngati kuti zachitika sabata yatha ku Area 9. Ine zonse zimene ndimadziwa za kugawanika kwa mpingo ndinazimvera pa zenera la sitolo, ndikuyeza misomali.

Pa mutu wa nkhani ankagwirizana. Kunali mmonke wina wa ku Jeremani, wansembe wophunzira, amene anakhumudwa poona anthu otumidwa ndi akuluakulu a mpingo akuyendayenda kugulitsa mapepala ochepetsa chilango cha machimo, kuti zopezekazo zikamangire tchalitchi chachikulu ku Roma. Analemba madandaulo ake n'kukawakhoma pachitseko cha tchalitchi. Makina osindikizira mabuku anali asanakhalitse, ndipo madandaulowo anathamanga dziko lonse kuposa mwini wake. Papa anamuuza kuti abweze mawu, iye anakana, Papa anamudula mu mpingo. Mafumu ena anamuikira kumbuyo, ena chifukwa cha chikhulupiriro, ena chifukwa chosirira minda ya mpingo. Anamasulira Baibulo m'chilankhulo cha kwawo, ndipo anakwatira mkazi amene kale anali sisitere, mfundo imene a Siliveriyo sankaidumpha. Kenako mfumu ya ku Mangalande inapatukanso pa nkhani ya banja lake, anthu anaphana, ndipo patapita mibadwo adzukulu a mbali zonse ziwiri anafika kuno, wina ndi esi wina ndi zedi, aliyense n'kumanga sukulu yake kutsidya kwa mnzake.

Dzina la mmonkeyo a Siliveriyo sankalitchula. Ankangoti wamisomali uja. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya mapepala sankamutsutsa. A Chisale akayamba zoti munthu amapulumuka ndi chikhulupiriro osati ndi chikalata chogula, iwo ankagwedeza mutu kuvomera. Chimene sanamukhululukire chinali chitseko.

"Nkhani ya m'nyumba, a Chisale, mumaitana akuluakulu, mumakhala pansi," ankatero. "Iyeyo anatenga hamala. Ine ntchito yanga ndi yolemba pakhoma, ndimazidziwa izi. Ukalankhula, mawa ukhoza kunena kuti simunandimve bwino. Ukakhoma pachitseko, tauni yonse yawerenga. Ndiye ngakhale mtima utatsika subweza, manyazi."

"Nanga Papa wanuyo sanalembe? Chikalata chomudulira chija anachita kunong'ona?"

"Kholo limalanga."

"Limalanga, inde. Koma mwanayo anabwerera?"

Pamenepa a Siliveriyo ankayamba kutsuka maburashi, ngakhale otsuka kale. Tonse pakhondepo tinkadziwa chifukwa chake, ndipo a Chisale ankadziwa kuposa tonsefe.

Pamwamba pa malo awo panali chikwangwani chawochawo, chobiriwira, cha zilembo zoyera. Pamene ndinkayamba ntchito kwa a Karimu chinali cholembedwa kuti S. MBEWE NDI TEREZIA, ALEMBI A ZIKWANGWANI. Terezia anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira pakhondepo, akulembera za kusukulu pamwamba pa chitini cha penti. Atamaliza sekondale dzanja lake linali litakhwima. A Siliveriyo anali katswiri wa zilembo zowongoka, koma zokhota zinkawavutirapo, choncho ma esi ndi ma o ankamusiyira mwanayo. Ankamukalipira tsiku lonse, iwe wathamanga, iwe burashi yanyowa kwambiri, kenako kasitomala akabwera ankamulozera ma esiwo ngati awalemba okha.

A Mhango anabwera ngati kasitomala. Anali mnyamata wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma ku City Centre, ndipo anatumidwa kudzalembetsa timatabwa ta mayina toika pa zitseko za maofesi. Timatabwato tinabwerera kangapo, akuti apa pakufunika kukonza, apo pakufunika kuwonjezera, mpaka ngakhale a Karimu anazindikira kuti vuto silinali pa matabwa. Anali munthu wabwino, waulemu, wosamwa. Analinso mwana wa abusa a mpingo umene unabwera ndi Asikotchi, ndipo kwa a Siliveriyo Asikotchi ndi Adachi anali ana a wamisomali mmodzi yemweyo.

Bambo mfumu wa parishi ya a Siliveriyo, wansembe wachinyamata, anawauza kuti nthawi zinasintha, ukwati wa mipingo iwiri umatheka, bola kukambirana. Mwina zikanatheka. Koma Terezia mwini wake ananena kuti wakhala akupita ku tchalitchi cha a Mhango, wawakonda mapempheredwe ake, ndipo walowa kale kalasi ya ofuna kulowa mpingowo. Ananenera pakhonde pomwepo, atagwira burashi.

"Bambo, sindikupita kubala ayi. Ndikupita kukapemphera."

"Ukalowa mmenemo, ine ndilibe mwana."

Ndimakhulupirira kuti sunali ukali wokha, analinso mantha. A Siliveriyo anakulira kumudzi kumene mtsinje unkalekanitsa sukulu ya Aroma ndi ya Adachi, ana akugendana popita kukatunga madzi. Amalume awo anakwatira kutsidya, ndipo atamwalira anaikidwa popanda pemphero la mbali iliyonse. A Siliveriyo anaona zimenezo ali mwana, ndipo katekisiti anawauza kumene amalumewo apita. Zimene ansembe anadzasintha pambuyo pake zinawapeza atauma kale.

Ku ukwati sanapite. Lolemba lake m'mawa, anthu akutsegula masitolo, anabwereka makwerero kwa a Karimu, anagula kachitini ka penti wobiriwira kwa ine, n'kukwera. Msewu wonse unkaonerera pamene ankapaka mawu akuti NDI TEREZIA. Atatsika, a Chisale sanadzutse mutu pa wotchi imene ankakonza. Anangoti, "Mwakhoma pachitseko, a Mbewe." Tiyi wa tsikulo aliyense anamwa yekha, ndipo kuyambira pamenepo ochita malonda a mumsewumo ankawatcha a Siliveriyo Papa wa pakhonde, iwo kulibe.

Zaka zinapita. A Mhango anakwera pa ntchito, banja linasamukira ku Area 10, nyumba ya mpanda ndi mlonda pageti. Terezia sanasiye kubwera ku Old Town. Ankaimika galimoto kutsidya kwa msewu, n'kudzagula zinthu zimene mayi wa ku Area 10 angatume wantchito: kaburashi, sandipepa, kachitini ka vanishi. Asanalowe ankaima pang'ono pamsewu, maso ali m'mwamba, kenako n'kukwera khonde. Potuluka ankapinda maondo pafupi ndi zitini zija.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, mayi?"

Inu ameneyo ankandibaya ine amene sanali wanga. Mwana amene anamutcha iwe kuyambira ali kumsana, tsopano ankamupatsa ulemu wa kasitomala. Terezia ankayankha kuti waswera, n'kumapita. Atabereka mwana wamkazi, Tiwonge, ankabwera naye. A Siliveriyo sanamunyamulepo, koma galimoto ikangochoka ankasuzumira pazenera langa.

"A Nabanda, kamwana kaja sikakudwala? Kakuoneka kowonda."

Ndinatopa nako kukhala positi ofesi ya anthu awiri okhala mu tauni imodzi. Tsiku lina ndinawauza kuti Area 10 si Jeremani, minibasi imadutsa pafupi. Anandiyankha kuti alibe nsapato za nyumba zoterozo, n'kundifunsanso ngati kamwanako kayamba kuyenda.

Chaka china wayilesi inayamba kunena kuti zikukwana zaka mazana asanu chikhomereni mmonke uja madandaulo ake, ndipo Papa mwini wake wakapemphera limodzi ndi a mpingo wa mmonkeyo ku Ulaya. A Chisale anabwera nayo nkhaniyo ku tiyi ali mwee, ngati apeza wotchi yagolide m'njira. A Siliveriyo poyamba anati wayilesi imanama. Atamva kuti bambo mfumu anenanso zomwezo pa Misa, madzulo ake akulongedza zitini anati Papa angachite zimenezo chifukwa alibe mwana wamkazi.

Inali nthawi yomweyo pamene Terezia anasiya kubwera. Tinamva kuti akudwala, matenda a m'chifuwa aja amene amadya munthu mwakachetechete. Ndinawauza a Siliveriyo. Anati amva. Ndinawauzanso, anati adzaona. Tsiku lina anafika pakhonde atavala jekete la ku Misa, sanatsegule zitini, anakwera minibasi. Anabwera dzuwa litapendeka. Zimene zinachitika ndinadzamva pambuyo pake kwa a Mhango: mlonda sanawatsegulire. Anali atagwira ntchito panyumbapo zaka zambiri ndipo sanaonepo bambo awo a madamu, choncho anaganiza kuti ndi wopempha. Madamuwo anali atawatengera kale kuchipatala m'mawa mwake. A Siliveriyo sanalimbane naye. Kwa ine anangonena kuti nambala ya pageti inalembedwa ndi dzanja, osati makina, ndipo inalembedwa bwino.

Terezia anamwalira sabata yomweyo. Pa maliro, bambo mfumu wa a Siliveriyo analowa m'tchalitchi cha a Mhango n'kukakhala kutsogolo pamodzi ndi abusa. A Siliveriyo anakhala panja pansi pa mtengo, chipewa chili pamaondo, korona yopempherera ili m'manja. Kumanda anaima kumbuyo kwa anthu onse.

Patapita miyezi, a Mhango anaimika galimoto kutsidya kwa msewu, pamalo pomwe paja. Anakwera khonde atavala suti, n'kukhala pa chitini cha penti osachipukuta. Aka kanali koyamba kuti awiriwa alankhulane chichitikireni ukwati.

"Adada, ndabwera ndi nkhani ya chiliza. Ku Area 4 kuli a makina, akanapanga wiki imodzi. Koma mwini wake ananena kuti mulembe ndinu."

"Mawu ake?"

"Dzina lake, masiku ake, kenako pansi, Wagona mwa Yesu. Lamulo lanu ndimalidziwa, sindikukufosani ayi. Mukaika zedi mwalawo ndidzaulandira. Achibale adzalankhula, koma ndidzaulandira."

A Siliveriyo anayang'ana burashi imene inali m'manja mwawo nthawi yaitali.

"Iyeyo ankati chiyani?"

"Popemphera ankati Yesu. Poyimba, Yesu. Kuchipatala, mpaka kumapeto, Yesu." A Mhango anamwetulira pang'ono. "Koma akaponda chinthu chakuthwa ankati Yezu Mariya. Chimenecho sichinachoke."

Ndinaona kuti mkamwiniyo wawatsegulira njira dala. Zedi inali yololedwa, ndipo chifukwa chake chinalipo.

Mwala unabwera, wakuda, wosalala. A Siliveriyo anasiya ntchito zina zonse. Dzina anagoba, masiku anagoba, ndipo ndikapita kuseri kukatenga mapaipi ndinkaona mzere wapansi ukukula, mpaka unafika pa WAGONA MWA YE, kenako mpata, kenako U. Mpatawo unakhala masabata. M'mawa ankavundukula mwalawo, n'kuuyang'ana, n'kuufunditsanso chiguduli. A Chisale anasiya za Jeremani, ku tiyi ankangodandaula za mawotchi a batire amene akuwaphera ntchito. A Siliveriyo anapita kwa bambo mfumu kukafunsa, ndipo anauzidwa kuti Ambuye ndi mmodzi, alembe mmene mtima wawo ukufunira. Anabwerako atakwiya kuposa mmene anapitira. Ndikuganiza kuti ankafuna kuti wina awaletse.

Tsiku lina kutatentha ndinamva kahamala kuseri kuyambira m'mawa, pang'onopang'ono, kakuima, kakuyambanso. Belu la masana linalira. Ndinadikira kuti kahamala kaleke, monga kankachitira zaka zonse. Sikanaleke. A Chisale nawonso anamva, ndinaona atachotsa kagalasi kawo pa diso.

Atatuluka, ovololo ili mbuu ndi fumbi la mwala, anaima patsogolo pa kabokosi ka mawotchi.

"A Chisale, chilembo chimenechi ndi chanu. Tabwerani mudzaone ngati chakhala bwino."

Ndinawatsatira. A Chisale anawerama, anayang'ana monga amayang'anira mkati mwa wotchi, ndipo popeza anali munthu wosadziwa kunama anati, "Yapendama pang'ono."

"Ndikudziwa," anatero a Siliveriyo. "Ma esi ankalemba ndi iyeyo."

Sindinawaonepo akulira, ndipo tsikulo sanalire. Anakhala pa njerwa n'kupempha madzi akumwa. Ine ndinabwerera ku kauntala msanga chifukwa misozi inali pafupi, ndiponso panali munthu wofuna mapaipi.

Wina angaganize kuti kuyambira pamenepo anasintha. Ayi ndithu. Amayi amasiye a kwa Adachi anapitiriza kutumizidwa kuseri kwa depoti. A Karimu atawafunsa kuti nanga mwala uja, anayankha kuti uja sanalembere Adachi, analembera Terezia. M'tchalitchi cha a Mhango sanalowemo mpaka kufa. Pa Khirisimasi anayamba kukadya ku Area 10, mlonda yemwe uja akuwatsegulira geti ndi manja awiri, koma pobwera ankadandaula kuti pemphero la chakudya la kumeneko ndi lalitali ngati ulaliki ndipo palibe amene amachita chizindikiro cha mtanda. Za wamisomali uja maganizo awo sanasunthe. Anangosiya kunena kuti kholo limalanga.

Loweruka a Mhango anayamba kumusiya Tiwonge pakhonde popita kokagula zinthu. Ine sindinaonepo, paja Loweruka sandipeza. Ndinkangopeza Lolemba khoma la kashedi lili ndi tizilembo ta dzanja la mwana, ndipo a Chisale ankandiuza kuti agogo akalipa tsiku lonse, iwe wathamanga, iwe burashi yanyowa kwambiri.

Ntchito inatha pang'onopang'ono. Anyamata a makompyuta ankasindikiza chikwangwani munthu akudikira, ndipo maso a a Siliveriyo anayamba kuchita chifunga. A Chisale anatsogola. Pa maliro awo a Siliveriyo anakhalanso panja pansi pa mtengo, koma ananyamula nawo bokosi. Kenako anayesa kupitiriza mkangano uja ndi ine, koma ndinali wosathandiza, chifukwa kwa ife a Sabata Aroma ndi Adachi onse analakwitsa limodzi. Ankamwa tiyi okha, buledi akumusiya theka.

A Siliveriyo anamwalira chaka chatha nthawi ya mvula, m'nyumba ya ku Area 10, kumene a Mhango anawatengera miyendo itakana. Amene anakatenga bambo mfumu kuti adzawadzoze mafuta anali a Mhango omwewo, mwana wa abusa, amene tsopano ndi mkulu wa mpingo kwawoko. Za chiliza cha Loweruka lapitali wandiuza ndi Tiwonge, amene wakula ndipo amabwerabe kudzagula maburashi. Wogoba ndi dzanja sanapezeke, choncho anapita kwa a makina. Anyamatawo ataona zedi pa pepala anaganiza kuti ndi kulakwitsa, anakonza okha n'kuika esi. Akuti a Mhango, munthu wosakweza mawu, anamenya tebulo n'kuubweza mwalawo. Anyamatawo anafunsa ngati si zofanana. Anawauza kuti kwa mwini mandawo sizinali zofanana, ayambirenso.

Pakhonde pano, kumanja kumene kunali a Chisale kuli mtsikana wogulitsa machaja ndi zikuto za mafoni. Kumanzere palibe amene wakhalapo. Pasimenti pali madontho a penti a mitundu yonse, ndi timikombero tosonyeza pamene zitini zinkakhala. Msomali wokolekapo chipewa udakalipo. Belu la masana limalirabe, koma msewu suima. Mwana wa a Karimu, amene akuyendetsa sitolo tsopano, amanena mwezi uliwonse kuti achotsa chikwangwani chobiriwira chija, kenako amaiwala.

Chikwangwanicho chinasuluka, ndipo mawu akuti NDI TEREZIA akuwerengeka bwinobwino ukaima pamsewu. Sanayambe kuoneka lero. Anayamba kutuluka kalekale, Terezia akadali moyo, nthawi imene ankaimika galimoto kutsidya n'kumaima pang'ono maso ali m'mwamba. Iye anakulira pa zitini, lamulo la bambo ake ankalidziwa. Inenso ndinalipo Lolemba lija m'mawa. A Siliveriyo sanapale, sanapake wa pansi, anapaka kamodzi n'kutsika. Penti wobiriwira anali pa shelefu kumbuyo kwanga zaka zonsezo, ndipo makwerero anali kuseri. Sanabwerenso kudzagula.